Mangochi, boma la m'mbali mwa Shire

Anthu ambiri amene amati ku Mangochi amakudziwa, kwenikweni amadziwa magombe a mchenga ndi malo ogona alendo a m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, ndipo tauni yeniyeniyo amangoidutsa ali m'galimoto, mwina kuima pang'ono kuti athire mafuta kapena agule nsomba. Ine ndinakhala pa boma limeneli kwa zaka zingapo chifukwa cha ntchito, ndipo zimandipweteka kuona tauniyi ikutengedwa ngati njira chabe yopitira kunyanja, pamene ili ndi moyo wakewake umene unaumbidwa ndi mtsinje wa Shire ndi anthu amene amauwoloka tsiku ndi tsiku.

Shire wa pa Mangochi ndi wosiyana ndi Shire wa mathithi amene amapukusa makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Pano mtsinjewu wangotuluka kumene m'nyanja ya Malawi, ndi wotambalala, woyenda mwakachetechete pakati pa mabango ndi migwalangwa, ndipo ukatsika pang'ono umalowa m'nyanja ya Malombe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'tauniyi munali anthu oposa 50,000, pamene m'boma lonse munali oposa 1 miliyoni, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumafotokoza chikhalidwe cha malowa. Tauni yaing'ono imatumikira dera lalikulu kwambiri, motero anthu amene mungakumane nawo masana pa ofesi ya bwanamkubwa, kubwalo la milandu, kuchipatala kapena kubanki, ambiri a iwo sanagone m'tauni usiku wathawo.

Amene akufuna kuimvetsa Mangochi aime pa mlatho wa Bakili Muluzi m'mawa dzuwa lisanatenthe. Mlathowu, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndiwo khomo la anthu onse a kutsidya, kuyambira ku Malindi mpaka ku Makanjira, komanso a kumapiri a ku Namwera ndi a kumalire a Mozambique ku Chiponde. Pamadutsa akabaza atanyamula matumba a makala otalika kuposa mitu yawo, malole a matola odzaza anthu ndi mitanga, ndi amayi osenza mabeseni a usipa, pamene pansi pake asodzi akupalasa mabwato. Munthu wochokera ku Makanjira, amene wadzuka usiku ndi kupirira msewu wovuta uja kuti adzangosainitsa pepala limodzi, amakhala pansi pa mtengo kudikira nthawi yake mosakweza mawu, ndalama yobwererera ataimanga pa nsonga ya chitenje. Ena amati kudekha kumeneku ndi kugona, koma ine ndinaona kuti ndi nzeru za anthu amene amadziwa kuti kupsa mtima pa boma kungawawonongere ulendo wonse. Munthu yemweyo mukakumana naye pamsika akunenerera mtengo wa mpunga, mudzazindikira kuti sanagone konse.

Pafupi ndi mlathowu pali nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, pali mfuti ya m'sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen imene mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann pa nyanja ya Malawi, ndiponso pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu Julayi 1946. Alendo amajambula zimenezi n'kumapita, ndipo amatenga maganizo akuti mbiri ya tauniyi inayamba ndi Azungu. N'zoona kuti linga limene linabala tauniyi linamangidwa mu 1891 ndipo linatchedwa Fort Johnston potengera dzina la Harry Johnston, mkulu wa boma la Angerezi m'dziko muno pa nthawiyo, koma Angerezi sanasankhe malowa mwangozi. Anapeza pali kale mudzi waukulu wa mfumu Mponda, amene ankalamulira doko la pa Shire pamene pankadutsa amalonda a minyanga ndi akapolo popita kugombe la nyanja ya mchere, ndipo lingalo linali loti likhazikitse ulamuliro wawo pa njira imeneyo ndi pa mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Jalasi. Mbiri imeneyi ili ndi mabala ake, ndipo sindikufuna kuikometsa, koma imatiuza kuti anthu a pano anali pa malonda ndi maiko akutali kale boma la atsamunda lisanabwere.

Kuchokera m'maulendo omwewo ndi mmene munabwerera Chisilamu, chimene lero chimapereka nthawi ya tsiku m'tauniyi. Mbandakucha mawu oitanira anthu kumapemphero amamveka kuchokera m'mizikiti, Lachisanu masana masitolo ambiri amatseka kwa kanthawi, ndipo m'mwezi wa Ramadani msika umachita phokoso lake lenileni dzuwa likamalowa. Komabe m'tauni yomweyi muli likulu la dayosizi ya Katolika ya Mangochi, imene inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kutsidya ku Malindi kuli mishoni yakale ya Anglican ndi chipatala chake cha St Martin's. Sindinganene kuti mikangano kulibe, pakuti nkhani za sukulu ndi kavalidwe ka ophunzira zinautsapo mitima m'madera ena, koma chimene ndinaona ndi maso anga n'chakuti pa maliro, Mkhristu ndi Msilamu amakhala pa mkeka umodzi, ndipo mayi wophikira khamu amadziwa kale, popanda womuuza, kuti mbuzi iyenera kuzingidwa ndi munthu woyenera kuti aliyense adye.

Pali chitonzo chimodzi chimene ndinachimva kawirikawiri kwa anzanga obwera, chakuti anthu a ku Mangochi sakonda sukulu. Mawu amenewa amanenedwa mopepuka, osafunsa chiyambi chake. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali m'manja mwa amishoni, ndipo kholo la Chisilamu linkaona kuti kutumiza mwana kumeneko kunali kumupereka ku chipembedzo china, mwinanso kumutayitsa dzina lake. Makolo ambiri anasankha kusunga chikhulupiriro chawo, ana n'kumaphunzira kumadrasa ndi kuphunzira ntchito zamanja, ndipo mtengo wa chisankho chimenecho unalipiridwa ndi mibadwo ingapo. Zoti atsikana ambiri amasiyabe sukulu msanga ndi vuto lenileni lofunika kulimbana nalo, koma amene akulimbana nalo mwamphamvu ndi anthu a komweko, mafumu, mashehe, aphunzitsi ndi magulu a amayi, ndipo sathandizidwa ndi mlendo wobwera ndi chipongwe pakamwa.

Ntchito zamanja zija zikuonekabe m'makhonde a masitolo, mmene atelala amakhala mondondozana ndi makina awo opalasa ndi mapazi. Bambo amene ankandisokera zovala ankangoyeza kamodzi, n'kulemba manambala ndi choko pa nsalu yomweyo, ndipo ndikafika sankayamba ndi za ntchito asanafunse za kunyumba, za ana ndi za ulendo, Chiyao ndi Chichewa zikusinthana pakamwa pake malinga ndi amene waima pakhomo. Ana awo aamuna awiri anali ku Joni, monga alili anyamata ambiri a m'bomali, ndipo nyumba ya malata imene ankamanga inkakwera mzere ndi mzere malinga ndi ndalama zochokera kumeneko. Ankanyadira nyumbayo, koma ankadandaula kuti adzukulu akukula osawadziwa atate awo, ndiponso kuti nthawi iliyonse ikamveka mbiri ya zipolowe zothamangitsa obwera ku South Africa, m'nyumba mwawo tulo simukhala.

Chimene chimawakankhira anyamatawa kunja, mwa zina, ndi kuchepa kwa nsomba. Nyanja ya Malombe inali nkhokwe ya chambo, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 nsombayi inali itachepa kwambiri chifukwa cha kuchuluka kwa asodzi ndi makoka a maso ang'onoang'ono monga nkacha, amene amakokolola ndi tiana tomwe komanso kuwononga malo oswanirana. N'chifukwa chake makomiti a m'magombe, amene amapatsa asodzi eni ake udindo woyang'anira usodzi, anayambira ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993 asanafalikire kwina. Lero chambo chimene mlendo amadya pa malo ogona alendo, banja la msodzi amene anachikoka silichilawa kawirikawiri, ndipo ndiwo ya tsiku ndi tsiku ndi usipa, kambuzi ndi utaka zoyanikidwa pa thandala. Nyengo yotseka nyanja ikafika, tauni yonse imamva, kuyambira wogulitsa nkhuni zowambira nsomba mpaka telala uja, chifukwa ndalama ya pamsika wa Mangochi yambiri imatuluka m'madzi.

Madzi omwewo m'zaka za 2023 ndi 2024 anakwera kwambiri, nalowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire, ndipo mabanja amene anamanga pamene akuluakulu ankati m'mbuyomo pankafika madzi anasamukira kwa abale kumtunda. Funso la kumene anthu ayenera kumanga, ndi la amene angawapatse malo ena, tsopano lili m'manja mwa khonsolo ndi mafumu, ndipo silidzayankhidwa msanga, popeza msodzi sangavomere kukhala kutali ndi pamene wamangirira bwato lake.