Shotigani yotsika mtengo ndi nkhani ya mipope: mmene ndinadutsira

Chiphaso cha mfuti chatuluka, mfuti ili m'kabati yachitsulo, tsono ndinene ndisanaiwale. Musanapereke ngakhale tambala, werengani ndi maso anu zimene zinadindidwa pa mfutiyo. Nambala imene wogulitsa wakutumizirani pa WhatsApp musaikhulupirire. Pa mfuti zambiri zakale pali manambala angapo: ina pa thupi la mfuti, ina pansi pa mpope, ina mkati mwa kamtengo kogwirira kutsogolo. Ine pa fomu ndinalemba ya pa mpope, imene wogulitsa ananditumizira, pamene pa chiphaso chake chakale panali ya pa thupi. Mpopewo unasinthidwa kalekale. Kusiyana kumeneku kunandidyera maulendo atatu a ku ofesi yopereka ziphaso. Ulendo wachiwiri ndinakhala pa benchi kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa kupendeka, kudikira bwana wosayina, kuti pamapeto andiuze m'mphindi imodzi kuti manambala sakugwirizana, ndikayambirenso. Munthu amene analandira fomu tsiku loyamba akanatha kuziona pomwepo, mapepala onse awiri anali pa tebulo lake. Thiransipoti, zithunzi zatsopano, tsiku lonse lantchito, zonse zinapita.

Lamulo la mfuti la ku Malawi ndi la 1967, ndipo dongosolo lake ndi lakuti chilolezo chiyambe, mfuti ibwere pambuyo. Wogulitsa akati "tengani kaye, mapepala tikonza", nyamukani muzipita.

Pa kukula kwa bowo la mpope, shotigani amazitchula ndi manambala monga 12 ndi 20. Tengani ya 12. Bowo lake ndi pafupifupi mamilimita 18.5, ndipo zipolopolo zake ndi zimene zimapezeka msanga. Ya 20 imakankha phewa pang'ono, koma mudzazungulira kufuna zipolopolo. Komanso m'nyumba mukakhala mitundu yonse iwiri pali ngozi: chipolopolo cha 20 chikalowa mu mfuti ya 12 chimatsetsereka n'kukakamira mkati mwa mpope, inu n'kuganiza kuti simunaike kanthu, n'kuika china cha 12 kumbuyo kwake. Mpope umaphulikira m'manja. N'chifukwa chake za 20 nthawi zambiri amazipanga zachikasu.

Pamene anthu ambiri amagwa ndi pa utali wa chipinda cholowamo chipolopolo. Pa mpope pamalembedwa mamilimita 65, 70 kapena 76, kapena m'mainchi 2½, 2¾ ndi 3. Mfuti zakale za ku England zambiri ndi za 65, pamene zipolopolo za m'sitolo masiku ano ndi za 70. Choopsa n'chakuti cha 70 chimalowa bwinobwino mu chipinda cha 65 ndipo mfuti imatseka, chifukwa utaliwo amayeza chipolopolo chitatseguka kale kukamwa. Powomba, kukamwako kumasowa malo otsegukira, mphamvu n'kuchuluka kuposa imene chitsulo chinayesedwera. Chachifupi mu chipinda chachitali palibe vuto. Werengani chidindocho nokha, ndi tochi ngati padetsedwa.

Za mpope umodzi zothyola pakati, monga Baikal IZH-18 ya ku Russia, ndi zotsika mtengo ndipo mulibe zambiri zoti n'kuwonongeka. Greener GP, imene akuluakulu ambiri amaidziwa, ndi yolimba, koma zitsulo zake zikathyoka kupeza zina n'kovuta. Ngati thumba lilola, ya pampu, imene mumakoka ndi kukankha chogwirira cha kutsogolo kuti chipolopolo chilowe, ndiyo imagwira ntchito ziwiri, kusaka ndi kuteteza pakhomo. Mossberg 500 ena amaigulitsa ndi mipope iwiri, wa mainchi 28 ndi wa 18.5, ndipo kusintha ndi kumasula sikuluwu imodzi ya kutsogolo, pampu mutaikokera pakati. Maverick 88 ndi mng'ono wake wotchipa, amalandira mipope yomweyo. Koma chenjerani, mpope wa mtundu wolowa zipolopolo 6 sukwana pa wolowa 8, chifukwa chubu cha pansi n'chosiyana utali. Wa Remington 870 nawonso sukwana pa Mossberg.

Mpope wachiwiriwo musagule musanafunse kuti ulembedwa bwanji pa chiphaso, ndipo yankho likhale la pa pepala. Nditaona zimene nambala imodzi inandichita, ndinausiya. Komanso musayerekeze kudula mpope wautali ndi sowo. Mutaya choke, imene ili kumapeto kwenikweniko, ndiponso mfuti siikhalanso imene inalembedwa pa chiphaso.

Choke ndi kufinyika kwa bowo kunsonga. Amayesa poona machaka angati agwera m'bwalo la mainchi 30 pa mtunda wa mayadi 40: cylinder (yosafinya) pafupifupi 40 pa 100, modified (yofinya pakatikati) 60, full (yofinya kwambiri) 70. Utali wa mpope siumene umapititsa machaka patali monga amanenera ku bawo. Umangothandiza kuti mfuti iyende mosalala potsata mbalame. Kwa nkhanga ndi nkhwali, mainchi 28 ndi modified ndi machaka a nambala 4 kapena 5 zakwana. Njiwa, nambala 6 kapena 7. Machaka achitsulo musawadutsitse mu full ya mfuti yakale, amatupitsa nsonga. Chiphaso cha mfuti si chilolezo chosakira, chimenecho n'cha ku Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, ndipo lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, zilango zake zimafika zaka 30 m'ndende.

Za kuteteza pakhomo, mpope wa 18.5 umatembenuka bwino m'khonde lopanikiza, basi ubwino wake ndi umenewo. Zoti shotigani safuna kulunjika ndi bodza. Pa mamita 5 machaka amakhala asanamwazike, amagunda malo ngati chibakera. Ndipo machaka akuluakulu monga SSG amaboola chitseko, malata ndi siling'i, kuseri kuli ana.

Ndibwerere pa kuyang'ana mfuti yakale, ndinadumpha. Onetsetsani kuti mulibe chipolopolo, pukutani mkati, mulozetse mpope ku kuwala. Wogulitsa akakana kuti mupukute, mafuta amenewo akubisa timaenje ta dzimbiri. Yendetsani zala kunja kwa mpope kuchokera kumbuyo mpaka kunsonga. Potupa kapena pophwanyika chala chimamva msanga kuposa diso. Ya kuthyola pakati, chotsani kamtengo kakutsogolo, itsekeni, muigwedeze. Ikachita khwekhwe, yatha pa hinji. Mpope wooneka mizere yopotana ngati nsalu yoluka ndi wa Damascus, zipolopolo za masiku ano musaikemo. Onaninso mng'alu pa mtengo pamene dzanja limagwira, kuseri kwa chowombera.

Ya pampu mukaipeza, muzikoka pampuyo mpaka kumapeto ndi kukankha mpaka kumapeto. Kukoka mwamanyazi ndi kumene kumaikakamiritsa. Kabati igulidwe msanga, yomangirira kukhoma ndi mabawuti, zipolopolo muzisunga pena, kiyi akhale kwa inu nokha. Fomu iliyonse ijambuleni pa foni musanaipereke, risiti iliyonse chimodzimodzi, ndipo nambala ya pa thupi la mfuti muiyerekeze ndi ya pa chiphaso cha mwini wake wakale, chilembo ndi chilembo, wogulitsayo ali pomwepo.