Bwanji amati imwani madzi musanapite ku sikani?

Amayi oyembekezera ambiri amadandaula akauzidwa kuti asakodze kaye asanaunikidwe. Si nkhanza ayi.

Kachipangizo kamene amakayendetsa pamimba kaja kamatumiza mafunde a phokoso loti khutu silingamve. Mafundewo akamalowa m'minofu amanka nafooka, mphamvu yake yambiri imasanduka kutentha pang'ono chabe. Koma m'madzi amadutsa osafooka kwenikweni, ndiye chikhodzodzo chikadzaza, chiberekero chimaoneka bwino kuseri kwake, makamaka mimba ikadali yaing'ono.

Fupa ndi mpweya ndiye adani enieni, amabweza mafunde nkusiya mthunzi pachithunzi. Jelo wozizira uja ntchito yake nkuchotsa mpweya pakhungu.

Pounika mkati mwa mimba amasankha mafunde a 2 mpaka 5 MHz (MHz ndi muyeso wa kuchuluka kwa mafunde pa sekondi imodzi) chifukwa amafika patali. A MHz zambiri kuposa apa amaonetsa bwino, koma amathera pafupi.