Nsapato zinandikana pa kilomita 6

Ndinasiya kuthamanga mu 2016, mwana wathu wachiwiri atabadwa. Masiku amenewo makilomita 10 ndinkawamaliza pa mphindi 44, thupi likulemera makilogalamu 63. Chaka chatha sikelo inati 81. Koma mutu, abale anga, sukalamba limodzi ndi miyendo. Wanga unatsalira mu 2016, ukundiuzabe kuti ndine dolo.

Ndiye nditamva kuti kuli mpikisano wa makilomita 10 wa mumsewu, woyambira ndi kuthera pa Mzuzu Stadium, ndinakalembetsa Lachitatu, mpikisano uli Loweruka. Kukonzekera kwanga konse kunali kuzungulira kanayi bwalo la mpira la kwathu ku Chibavi, Lachinayi madzulo. Munthu amene wakhala zaka osathamanga amafunika masabata 8 kapena kuposa: kuthamanga mphindi imodzi, kuyenda ziwiri, katatu pa sabata, n'kumawonjezera mtunda pang'onopang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 sabata iliyonse. Chifukwa chake n'chakuti mtima ndi mapapu zimadzuka msanga, pomwe misongolo ndi mtsempha wa kuchidendene zimachedwa kukhwima. Zonsezi ndimazidziwa. Ndine amene ndinkawaphunzitsa anyamata kale.

Nsapato ndinazitsitsa pamwamba pa wodilopu, zili m'jumbo momwe ndinazisiyira. Mayi a kunyumba anaziyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a ana, nsapatozi n'zofanana msinkhu ndi mwana wa Sitandade 3 uyu. Bwanji osakasankha zina pa kaunjika?" Ine ndinayankha mwaukatswiri kuti nsapato yatsopano sathamangira mpikisano, imatulutsa matuza. N'zoona ndithu. Chimene sindinafune kukumbukira n'chakuti nsapato imakalamba ngakhale ili chikhalire. Guluu amauma, siponji ya pakati imalimba n'kuyamba kuyoyoka. Kuyesa kwake n'kosavuta: uyipinde ndi manja, ukanikize chala chachikulu m'mbali mwa soli. Ikalira ngati chimanga chokazinga, imeneyo yatsala ya kumunda.

Loweruka kunacha ndi chifunga ndi kamvula kowaza, kuzizira kwa Juni kumene aliyense wa ku Mzuzu akukudziwa. Poopa kukomoka ndi njala, 6 koloko ndinatenthetsa kondowole wotsala dzulo ndi nyemba. Mpikisano 7 koloko. Chakudya cha tsiku lotere chimadyedwa kukadali maola awiri kapena atatu, ndipo chimakhala chopepuka: phala, nthochi, tiyi ndi buledi. Kondowole akalowa m'mimba amakhala pansi ngati mlendo wobwera ndi chikwama. Pamwamba pa izo ndinavala tisheti ya thonje, Vaselini osapaka paliponse.

Wezulo italira ndinapezeka kutsogolo, phewa ndi phewa ndi anyamata ometa bwino, ooneka ngati asilikali a ku Moyale. Kilomita yoyamba wotchi inati 4:15. Ndinamwetulira. Munthu wa msinkhu wanga ndi mimba yanga amayenera kuyamba ndi mphindi 7, liwiro loti ungathe kulankhula ndi mnzako osabanika. Komanso Mzuzu ili pamtunda wopitirira mamita 1,200, ndipo misewu yake ili ndi zitunda zobisika, zomwe ukakhala m'minibasi suziona.

Pa kilomita 3, tikulunjika ku Luwinga, kondowole anayamba msonkhano ndi nyemba. M'nthiti ya kumanja munabaya ngati wina walowetsa sipoko. Mankhwala ake ndi kuchepetsa liwiro, kukanikiza pobayapo ndi kupuma mozama, koma ine ndinali kalikiliki kubisa nkhope, chifukwa mayi wina wachikulire, chitenje atachimanga pamwamba pa buluku, anandidutsa akuti, "Limbikani adada, tafika kale!" Tisheti ija inali itanyowa, ikukhula pachifuwa ngati sandipepa, mpaka madontho awiri ofiira kuonekera poyera. Ndinatembenuka pa theka, anandichonga nambala, ndikuyenda ngati bakha.

Pa kilomita 6 ndinamva phwa, phwa, phwa. Ndinacheuka kuti ndione amene akundiwombera m'manja. Inali nsapato ya kumanzere. Soli inali itayasama kuyambira kuchala mpaka pakati, ikutsegula ndi kutseka kukamwa ngati mlamba. Ndinamasula chingwe n'kuyimanga mozunguliza. Inapirira mamita 200, kenaka soli yonse inatsala pa tala, ine n'kupitirira ndi sokosi. Poti ndiwerame ndiyitole, katumba wa mwendo wa kumanja anakokana n'kuuma ngati chinangwa chachiwisi. Ukakokana umayenera kuwongola bondo ndi kukokera zala kumwamba. Ine ndinangokumbatira mtengo wa magetsi.

Apo m'pamene anaima mnyamata wa sakaramento, kabaza wa ku Mzuzu, njinga yake ya kushoni yofiira ndi magalasi awiri.

"Abwana, tiyeni. Mufera pano."

Satana sabwera ndi nyanga. Atanditolera soli ija ndinakwera, nambala ya pachifuwa nditaiphimba ndi manja, n'kumuuza kuti adutse njira za kuseri ndipo anditsitse pangodya tisanafike pageti. Tinagwirizana K1,000. Titafika ndinapisa dzanja m'thumba, ndipo ndinakumbukira kuti kabudula wothamangira alibe thumba.

"Dikira pompano achimwene, ndikubwera."

Ndinalowa m'bwalo ndikutsimphina, phazi limodzi nsapato, lina sokosi, magazi pachifuwa. Anthu anaimirira. Amayi nthungululu. Wa pa chimkuzamawu anakuwa kuti, "Taonani madala awa, nsapato yatha koma mtima ulipo!" Wotchi inkati mphindi 52. Ndinakweza manja onse awiri, ndipo mtsikana wina anali atatambasula kale mendulo kuti andiveke.

Kumbuyo kwanga kunalira belu la njinga. Mnyamata uja anali atalowa nayo mpaka pamzere, soli yanga ili m'manja.

"Abwana, mwaiwala ichi pa kaliyala. Komanso kuchokera ku Luwinga ndi mtunda, muwonjezereko K500."

Chimkuzamawu chinali pafupi, ndipo chinagwira ntchito yake bwino lomwe. Mtsikana uja anabweza mendulo m'katoni mwaulemu. Ndalama analipira ndi mayi a kunyumba, akuwerenga imodziimodzi pamaso pa anthu, osanena kanthu mpaka ku Chibavi.

Ululu weniweni wa minofu umafika pachimake tsiku lachiwiri, choncho Lolemba masitepe a kuntchito ndinatsika chambuyo, nditagwira khoma. Pano ndili pa sabata yachitatu ya mphindi imodzi kuthamanga, ziwiri kuyenda, ndi nsapato za pa kaunjika zomwe anasankha mayi. Mnyamata uja amaima pa siteji ya pafupi ndi kwathu. M'mawa uliwonse ndikamadutsa amaliza belu n'kufunsa kuti, "Abwana, lero ndikakudikireni pati?"