Mabotolo awiri a dothi la agogo

Tili chaka chachiwiri ku Bunda, aphunzitsi a phunziro la dothi anatipatsa kantchito kapatchuthi. Aliyense akatape dothi la kwawo, athire m'botolo loonekera mkati, awonjezere madzi, akhutchumule kwambiri n'kulisiya kuti lidikhe. Mchenga ndiwo umayamba kukhala pansi poti ndi wolemera, mphindi ziwiri sizikwana. Pamwamba pake pamadzagona dothi losalala ngati ufa, lija m'kalasi timati silt. Makande ndiye ochedwa, tsiku limatha madzi akadali mbuu. Anzanga ena anaseka kuti awa ndi masewera a ku pulayimale. Inenso ndinaseka nawo.

Kwathu n'ku Chikwawa, kufupi ndi kumene mtsinje wa Mwanza umakathera ku Shire. Agogo anga aakazi ali ndi minda iwiri. Wina uli kudimba, m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh. Winawo uli chakumtunda pang'ono, ndipo unakwiririka mu Januwale 2022 pamene namondwe Ana anadutsa. Ndinatapa dothi konseko, mabotolo awiri, n'kuwaimika pakhonde. La kudimba linatuluka ndi kamzere kochepa ka mchenga, kwinako matope okhaokha. La munda winawo mchenga unatsala pang'ono kudzaza gawo lonse, madzi n'kuyera msanga ngati a pamjigo.

Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali ndikuyeza ndi rula.

"Iwe, zimenezi ndiye mukuphunzira kuyunivesiteko? Bwanji osangondifunsa?"

Anatapa dothi lotsala m'thumba, kulinyowetsa ndi malovu, n'kulifikisa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. La kudimba linamata n'kutalika ngati kachingwe. Linalo linangoyoyoka. Ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa njira imeneyi ili m'notsi zanga, ili ndi dzina lake la Chingerezi, ndipo ndinailoweza usiku wonse pokonzekera mayeso.

Kenaka anandiuza chinthu chimene mpaka pano ndimachiganizirabe. Akuti madzi osefukira ali pawiri. Alipo obwera mwaulemu, Shire akadzaza n'kuyamba kufalikira pang'onopang'ono, munthu kuwaona akukwera n'kusamutsa mbuzi ndi mbewu. Amenewo akaphwa amasiya matope akuda, ubzale chimanga, nyemba, mbatata, osathira feteleza. Ndiye alipo obwera usiku ndi mkokomo, atanyamula zitsa ndi mitengo yathunthu. Amenewo amasiya mchenga wofika m'chiuno. "Kale anali osowa amenewa," anatero. "Pano ndiye akungobwerabwera."

Pamenepo ndi pamene phunziro la hydrology, la kayendedwe ka madzi, lomwe ndinkangolimbana nalo kuti ndikhoze, linandilowa m'mutu. Madzi othamanga amanyamula zolemera, ofatsa amanyamula zopepuka. Phiri likakhala ndi mitengo ndi udzu, mvula imayamba yalowa pansi, n'kumatsikira kumtsinje pang'onopang'ono. Likakhala lambee, yonse imatsika nthawi imodzi itakokolola nthaka. Mchengawo ukadzaza mumtsinje, khwawa limachepa kuya, ndiye mvula yotsatira madzi amasowa podutsa n'kulowa m'midzi. Munda wa agogo unaphedwa ndi nkhwangwa za kutali, kumapiri a Mwanza uko. Matumba a makala aja timawaona panjinga akukankhidwa chitunda cha ku Thabwa kupita ku Blantyre, mtengo wake wina timalipira ife okhala kuchigwa. Namondwe Ana yemweyo anagumula damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo anthu a m'tauni magetsi atasowa anagula makala ochuluka kuposa kale. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anadzabwereza zomwezo m'midzi yathu.

Ndiulule, chaka choyamba ndinalembapo m'mayeso kuti yankho n'lakuti anthu a kuchigwa asamukire kumtunda, ndipo ndinapeza malikisi abwino. Lero sindingalembe mophweka choncho. Kusamutsa nyumba n'koyenera, anthu afa okwanira. Koma kumtunda kwathu mvula ndi yochepa, dzuwa limaotcha chimanga chisanamasule, n'chifukwa chake makolo ankadalira mapira ndi mchewere. Chakudya chodalirika chimachokera kudimba madzi akaphwa. Ukamuuza munthu kuti asiye dambo osamuuza kumene akadye, adzavomera pamsonkhano, mawa lake umupeza ali m'bwato. Elephant Marsh anailemba pamndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, mu 2017, ndipo m'kalasi timailoweza chifukwa cha mbalame, mvuu ndi ng'ona. Agogo amaidziwa ngati kumene kumachokera milamba, ndiponso kumene anthu amakazula nyika, mizu yodyedwa ya zomera za m'madzi, chaka cha njala.

Ambiri m'kalasi mwathu maso ali kumalo osungirako nyama zakutchire a Majete, kumene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003 n'kubwezeretsa zipembere, njovu ndi mikango. Nanenso yunifolomu ya ogwira ntchito kumeneko ndinkaisirira. Koma kafukufuku wanga womaliza ndasankha mchenga wa mtsinje wa Mwanza, nkhani yosasangalatsa kuikamba pagulu.

Mabotolo aja sindinapite nawo kusukulu, ndinangojambula pafoni. Agogo anakhuthula dothilo n'kuwatsuka, akuti limodzi n'lamafuta ophikira, linalo asungiramo mbewu ya nyemba.