Tsiku limene ndinagwetsa sitima ku Luchenza

Kumpingo kwathu alipo anthu mpaka lero amene amakhulupirira kuti ndinagwetsapo sitima ku Luchenza. Kuwatsutsa n'kovuta, chifukwa sitimayo inagwadi, woyendetsa ndinali ine, ndipo mboni zinalipo zinayi. Chimene sachimvetsa n'chakuti zonsezi zinachitikira pabalaza panga, pafupi ndi fulasiki ya tiyi.

Matenda okonda magemu a sitimawa anandigwira kalekale pa kompyuta yakutha ya msuweni wanga, imene inali ndi Microsoft Train Simulator, gemu ya m'chaka cha 2001. Anzanga akamamenya mpira, ine ndinkakoka mabogi a katundu pa Marias Pass ku Montana, kapena kudutsa m'mapiri a ku England pa njanji ya Settle ndi Carlisle. Nditakula ndinakumana ndi Trainz, yopangidwa ku Australia, ndipo m'menemo muli mbali ina yotchedwa Surveyor. Amakupatsa dziko lopanda kanthu, lathyathyathya, mabwalo a mamita 720 mbali iliyonse, n'kukuuza kuti umange zako. Anthu a ku Germany amanga zawo, a ku America amanga zawo, amagawana kwaulere pa Download Station. Ine ndinadzifunsa kuti nanga njanji ya kwathu ndani adzaimange? Ndinasankha yochokera ku Limbe kutsikira ku Luchenza, kudzera ku Malabvi ndi Nansadi, chifukwa ndi imene amalume anga anayendamo zaka zambirimbiri ali gadi wa sitima ku Malawi Railways, uja wokhala m'bogi lakumbuyo ndi mbendera ziwiri ndi wezulo. Ndinkafuna tsiku lina adzaione, mwina agwetse ndi msozi womwe.

Ntchitoyi inandidyera miyezi isanu ndi itatu, pamodzi ndi mabandulo amene mayi a kunyumba akuwawerengerabe ngati ngongole. Mapiri sindinawaumbe ndi manja. Pali muyeso wa kukwera ndi kutsika kwa nthaka umene chombo cha Endeavour chinajambula ndi rada kuchokera mumlengalenga mu February 2000, ndipo munthu ukhoza kuulowetsa mu gemuyi. Phiri la Malabvi linatuluka bwinobwino, mtima wanga unachita kuti myaa. Chimene sindinkadziwa n'chakuti rada ija sisiyanitsa nthaka ndi nsonga za mitengo. Paliponse pamene panali nkhalango ya bulugamu panamera kachitunda kamene Mulungu sanalenge. Ine ndinangoyala njanji pamwamba pake, kukwera ndi kutsika mmene nthaka yanenera, ngati munthu akuyanika mkeka pachulu.

Zokongoletsa ndiye zinandisautsa. Nyumba ya njerwa zootcha yofolera malata inasowa, ndinaika tinyumba ta alimi a ku Australia. Mbuzi zinasowa, ndinaika nkhosa zonenepa zaubweya ngati mabulangete. Minda ya tiyi ndinaipanga ndi mipanda ya maluwa ya azungu, kuindandalika umodziumodzi kwa milungu itatu, mpaka ndikatseka maso usiku ndinkaona mizere yobiriwira. Anthu odikira sitima pa siteshoni ya Nansadi onse anali azungu ovala majasi ndi zipewa, wina atanyamula ambulera, ndipo panalibe ngakhale mmodzi wogulitsa nthochi kapena chinangwa chophika. Koma Mulanje anaima chapatali ndi Sapitwa wake wa mamita 3,002, ndipo dzuwa likamalowa mu gemumo ndinkadziuza kuti ndine munthu.

Loweruka lina ndinaitana amalume. Anabwera atavala jekete, atatenganso mnzawo amene ankagwira naye ntchito ku Limbe, mkulu wosalankhulalankhula. Ndinalumikiza laputopu ku TV, mayi a kunyumba anabweretsa tiyi ndi mbatata, mwana wathu wamkazi wa zaka 9 anakhala pansi kutsogolo.

Amalume anavala magalasi, n'kuyandikira TV mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda.

"Mphwanga, njanji iyi ndi ya kuti?"

"Ya ku Limbe, amalume. Si iyo siteshoni?"

"Siteshoni ndaiona. Ndikufunsa njanji. Yakula m'mimba."

Anali atagwira pomwepo. Njanji ya ku Malawi ndi ya mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo, chimodzimodzi ya ku Mozambique ndi ku South Africa. Ine ndinali nditayala ya mamilimita 1,435, ya ku Ulaya ndi ku America, chifukwa ndi imene inali pamwamba pa mndandanda. Chopweteka n'chakuti ku Queensland, komwe gemuyi inabadwira, njanji yawo ndi yofanana ndi yathu, moti yoyenerayo inalipo ndithu, kungoti sindinaifune. Miyezi isanu ndi itatu, ndipo nkhalamba yaiona m'masekondi khumi ndi magalasi omanga ndi ulusi.

"Nanga nkhosazi n'zandani?" anafunsa mnzawo uja. Mawu ake oyamba tsikulo anali amenewo.

Ndinati tiyeni tiyambepo ulendo, zinazo tidzakonza. Apa mpamene ndinadzikumbira dzenje. Mu Trainz muli njira ziwiri zoyendetsera. Ina ndi DCC, kachitsulo kozungulira ngati kokwezera wailesi: ukapotokola sitima ipita, ukabweza iima. Inayo ndi Cab, pamene umakhala m'mutu mwa sitima ndi zogwirira zonse, ndipo kulemera kwa mabogi kumagwira ntchito monga kumachitira panjanji yeniyeni. Miyezi yonseyi ine ndinkayesa njanji yanga ndi kawailesi kaja. Amalume atakaona anaseka mpaka kutsokomola.

"Imeneyo ndi sitima kapena ukusaka Radio 1? Lowa m'kati, uyendetse ngati mwamuna."

Pamaso pa mkazi wanga ndi mwana wanga, ndikanayankha chiyani? Ndinalowa. Ndiponso, pofuna kuti andione, ndinakoleka mabogi 30 odzaza.

Amalume anaimirira, anatulutsa mpango m'thumba n'kuukweza m'mwamba, analiza likhweru m'malo mwa wezulo. Sitima inanyamuka ku Limbe mwaulemu wake. Kwa mphindi zingapo zinthu zinali bwino zedi. Amalume anayamba kuloza: apa pankakhala kapitawo wina wokonda fodya, apo tinaimapo usiku wonse mvula itakokolola dothi. Anatikumbutsa kuti njanjiyi inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, ndipo kuti makolo athu anaikumba ndi makasu. Mawu awo anafewa. Ndinaona kuti msozi uja uli m'njira.

Kenako tinadutsa Malabvi n'kukwera kachitunda kanga ka bulugamu, ndipo kuseri kwake kunali mtsetse.

Magudumu achitsulo pa njanji yachitsulo sagwira ngati tayala pa tala. Kwa sitima, kutsika mamita awiri kapena atatu pa mamita 100 aliwonse ndi mtsetse woopsa kale. Wanga uja, nditadzauyeza pambuyo pake, unali woti ngakhale wa kabaza akanatsika n'kumakankha.

"Buleki," anatero amalume, mwachifatse.

Ndinakoka buleki. Palibe chinachitika. Munthu wozolowera galimoto amayembekeza kuti akaponda, chinthu chimve pomwepo. Buleki ya sitima imayendera mpweya m'paipi yodutsa bogi lililonse, ndipo uthenga umatenga nthawi kuti ukafike kumchira. Ine poona kuti sizikumveka ndinaganiza kuti ndakoka molakwika, ndinamasula. Ndinakokanso. Ndinamasulanso.

"Usamapope! Si mjigo umenewo!"

Mnzawo uja anaika kapu pansi. Singano ya liwiro inkangokwera. Mitengo inayamba kudutsa ngati mizere, nkhosa zanga zija zinkangooneka ngati thonje louluka. Ndi mantha ndinadina batani lina lililonse limene chala chinapeza: nyali zinayaka, zopukutira galasi zinayamba kuvina, hutala inalira. Pa Nansadi tinadutsa liwiro la mtondo wadooka, azungu anga aja ataima chilili ndi majasi awo, wa ambulera uja osatembenuka n'komwe.

"Mchenga! Thira mchenga!" anakuwa amalume.

"Bambo, muwaphatu anthu," anatero mwana wanga, akutafuna mbatata.

Amalume anali atagwira mpando wa sofa ndi manja awiri, akuukokera kumbuyo ndi mphamvu zawo zonse, ngati akumanga buleki yam'manja m'bogi lawo lakale. Mayi a kunyumba misozi ili mbwembwembwe ndi phwete. Ine thukuta lili kamukamu, ndikupemphera kuti magetsi azime. Masiku onse amazima popanda wowapempha, koma tsiku limenelo anayaka ngati pa Khirisimasi.

Luchenza anaoneka kutsogolo n'kuzimiririka kumbuyo. Ndiye panali vuto lina limene sindinauze aliyense. Kupitirira siteshoniyo sindinamange kanthu. Ndinkati za ku Khonjeni ndi ku Sandama ndidzayamba chaka chamawa. Njanji inangothera pamtetete, ndipo patsogolo pake dziko lenilenilo linatha, kunali chimbuu chokhachokha. Mutu wa sitima unachoka panjanji, mabogi anatsatira limodzilimodzi, kukwerana, kupingasa, ena chagada.

Pabalaza panali zii. Zopukutira galasi zokha n'zimene zinkayendabe.

Amalume anavula magalasi, anawapukuta ndi mpango uja, anayang'ana mnzawo.

"Zaka zonse zija, ine sindinagwetsepo ngakhale bogi limodzi."

"Makumi atatu," anatero mnzawoyo. Mawu ake achiwiri.

Zikanathera pomwepo bwenzi lero ndikuyenda momasuka. Koma ali pa minibasi pobwerera, amalume anaimbira foni mlongo wawo kumudzi, amene ndi mayi anga. Netiweki ya kumeneko imadula mawu ngati mpeni wobuntha. Zimene mayi anamva n'zakuti mwana wanu wagwetsa sitima ku Luchenza, mabogi 30, buleki anaipopa ngati mjigo. Za TV ndi laputopu zinatsalira m'malere.

Cha m'ma 8 koloko usiku foni yanga inayamba kulira. Mayi ankalira mokweza, akufunsa ngati ndili ku chipatala kapena ku polisi, ndiponso kuti ndinayamba liti ntchito ya sitima osawauza. Ndinafotokoza kuti ndi gemu. Anati ndisawabisire, iwo ndi munthu wamkulu. Azakhali anaimba kufunsa ngati munali anthu. Ndinati munalibe, munali katundu. Ndinazindikira mochedwa kuti yankho limenelo latsimikiza mlandu. Msuweni wina wa ku Johannesburg analemba pa gulu la WhatsApp la banja kuti tisonkhe ya loya, ndipo anthu awiri anatumizadi ndalama. Lamulungu m'mawa mkulu wa mpingo anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena chapansipansi kuti zimachitika, chachikulu ndi moyo.

Amalume sanathandize kuzimitsa motowo. Aliyense wowafunsa ankangomuyankha kuti iwo anaona ndi maso awo.

Tsopano amabwera Loweruka lililonse, jekete ili pathupi, ndi kope limene amalembamo zolakwika. Njanji yonse anandizulitsa, ndikuyala yopapatiza ija kuyambira ku Limbe, ndipo mtsetse uliwonse amauyeza okha asanavomereze. Nkhosa anazilola kuti zikhale kaye. Koma kuyendetsa anandiimitsa mpaka kafukufuku adzathe, ndipo sananene kuti adzatha liti. Amene akuyendetsa pakali pano ndi mwana wanga. Sabata yatha anaimitsa mabogi 12 pa Malabvi, ndendende pamene agogo ake analoza ndi chala, ndipo anamupatsa K500. Ine anandituma kukawiritsa tiyi wina.