Sabata ya wojambula zithunzi ku Dedza m'nyengo yozizira

Mwezi wa Julayi kuno ku Dedza, wojambula amayendera nkhungu. Lolemba ndi Lachiwiri kunacha phiri losaoneka n'komwe, ndipo kuwala kotereku n'kokoma pojambula nkhope chifukwa sikusiya mdima m'maso. Vuto lake n'loti kamera ikaona kuyera ponseponse imachepetsa kuwala yokha, munthu n'kutuluka wakuda bii. Mankhwala ake n'kukweza exposure compensation (poonjezera kapena kuchepetsa kuwala komwe kamera yasankha) kufika pa +1. Batire nalonso silichedwa kutha kukazizira, choncho lapadera lizikhala m'thumba la mkati mwa jekete.

Lachitatu kunali chinkhoswe ku Bembeke, dzuwa lili paliwombo. Anthu amathamangira pansi pa mtengo, koma dzuwa lodutsa m'masamba limasiya mawanga pankhope, ndipo mawangawo sachoka pakompyuta. Pakhonde ndiye pabwino: aime mumthunzi atayang'ana kubwalo. Katoni yomatidwa pepala loyera, wina ataigwira chamunsi mita imodzi kuchokera kwa wojambulidwayo, imabweza kuwala kokwanira kuchotsa mdima wa pansi pa chibwano.

Lachinayi ndi Lachisanu anali masiku okonza zithunzi mu Lightroom, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera zithunzi. Choyamba ndi white balance, kukonza mitundu kuti choyera chioneke choyeradi, kutengera pa malaya oyera. Kenaka Highlights (malo owala kwambiri) atsike cha pa -40, Shadows (malo amdima) akwere cha pa +30. Kupyola apo khungu limatuwa ngati lapakidwa phulusa. Ena amapempha kuti "mutiyeretseko pang'ono", koma ndimawauza kuti khungu lakuda likalandira kuwala koyenera pojambula limawala lokha, ndipo kuliyeretsa pakompyuta kumafufuta maonekedwe enieni a munthu. N'chifukwa chake ndimajambula mu RAW, fayilo yosunga zonse zomwe kamera yajambula: JPEG, fayilo yofinyidwa kale, ukaikonza kwambiri mitundu imasweka.

Ukwati wa Loweruka ndiwo unali ndi ntchito yaikulu. M'tchalitchi munali mdima, denga lamalata lopanda siling'i, moti kulozetsa flash m'mwamba kunali kungotaya kuwala. Kakhadi koyera komangirira kumutu kwa flash ndi labala ndi komwe kanathandiza. Pomwe abusa sanalole flash, lens ya 50mm inatsegulidwa kwambiri pa f/2 kuti ilowetse kuwala kochuluka, ISO (muyezo wokweza kuwala kwa chithunzi) 3200, shutter (chotsegula ndi kutseka kamera) pa liwiro la 1/100 ya sekondi. Liwiro limeneli silongosankha: magetsi athu ndi a 50Hz, ndipo mababu ena amaphethira, kotero ukathamangitsa shutter kufika 1/500 zithunzi zina zimatuluka ndi mizere kapena mtundu wosiyana. Diresi loyera pambali pa suti yakuda limasokonezanso kamera. Yezani kuwala pa tsaya la mkwatibwi, kenaka onani pa histogram (girafu yoonetsa kuwala kwa chithunzi) ngati diresilo silinapse, kutanthauza kuyereratu mpaka osaoneka nsalu.

Zithunzi zopita kokatsukitsa za mainchesi 4x6 zikhale mapikiselo 1200 ndi 1800 kapena kuposa apo. Potumiza pa WhatsApp, zitumizeni ngati Document, apo ayi zimafinyidwa n'kufika kwa eni ake zili mbuu.