Zomwe tinakaona ku Dedza pa kuyeza utsi mu mkodzo wa ana

Mwezi wa June gulu lathu la alangizi a zaumoyo, anamwino ndi ogwira ntchito mu labotale tinachoka ku Ntcheu kudzera pa Lizulu kupita kumidzi ya kufupi ndi Bembeke. Kumeneko anzathu akutolera mkodzo wa ana kuti adziwe kuchuluka kwa utsi wolowa m'matupi mwawo. Anasankha nyengo yozizira dala, chifukwa ndi pomwe mabanja amaothera moto m'nyumba zitseko zili zotseka, ana n'kugona pafupi ndi mafuwa.

Nkhuni, makala, zitsononkho, mapulasitiki kapena parafini wa mu koloboyi zikamayaka mofuka zimatulutsa tinthu totchedwa PAH, tomwe timakhalanso mu mwaye wa kudenga. Mwana akatipuma, thupi limatisintha, makamaka m'chiwindi, ndipo impso zimatitulutsira mu mkodzo. Chomwe amayeza kwambiri ndi 1-hydroxypyrene, chochokera ku mtundu wina wa PAH wotchedwa pyrene, pamodzi ndi 1-naphthol ndi 2-naphthol. Izi sizikhalitsa m'thupi. Theka lake limachoka tsiku lisanathe. Choncho mkodzo wa lero ukunena za dzulo ndi usiku wathawu basi. Mwana amene wagona kwa agogo ake sangatiuze za khitchini ya mayi ake.

Asanagawe mabotolo amayamba ndi msonkhano kwa amfumu, atanyamula chilolezo cha komiti yovomereza kafukufuku wa zaumoyo. Anthu ambiri amadziwa kuyeza mkodzo kwa likodzo kokha, ndiye amadikira mankhwala. Ena amaopa kuti mkodzo wa mwana ukagwiritsidwa ntchito za ufiti. Pa botolo salembapo dzina, amalemba nambala.

Botolo limaperekedwa madzulo kuti atengemo mkodzo woyamba wa m'mawa, mamililita 10 mpaka 20. Ana oyenda savuta. Kwa makanda amamata kathumba kapulasitiki pa khungu lotsuka ndi kuumitsa bwino, kapena kuika thonje m'thewera n'kulifinya ndi sirinji yopanda singano. Thonje likakhudzana ndi chimbudzi amataya n'kuyambiranso. Tinaona mayi wina akubweretsa mkodzo m'kabotolo kamene munali mafuta odzola, chifukwa botolo la kuchipatala mwana analiseweretsa. Mlangizi anangoti, "Pepani mayi, limeneli sitilandira, tengani lina tidzabweranso mawa." Anachita bwino, chifukwa zotsalira m'botolo lakale zimasokoneza makina.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa mafunso, ndipo m'kuona kwathu ndi pomwe ntchito yonse imakomera kapena kuonongekera. PAH samalowa kudzera m'mphuno mokha. Chimanga chootcha, mbatata yokwirira m'phulusa, nyama yootcha pamsika ndi nsomba zowamba zonse zimakweza 1-hydroxypyrene, mwina kuposa utsi wa pamoto. Ndiye amafunsa chilichonse chomwe mwana wadya kuyambira dzulo m'mawa, kuphatikiza zomwe watola kwa anzake posewera, zomwe nthawi zambiri mkulu wake amazidziwa kuposa mayi. Amafunsanso ngati anali kumsana pophika, ngati pakhomo anatentha zinyalala, komanso ngati alipo wosuta fodya. Za fodyazi amatsimikiza poyeza cotinine, chotsalira cha chikonga cha fodya m'thupi, mu mkodzo womwewo. Timibulu toyera toika m'sutikesi pothamangitsa njenjete ndi mphemvu, ngati tili ta naphthalene, timakweza naphthol, ndipo mankhwala a m'munda a carbaryl amatulukanso ngati 1-naphthol. Kuno kumadimba a mbatatesi ndi tomato funso la mankhwala opopera silodumpha.

Mabotolo amayenda m'bokosi la ayezi, lapadera, losasakaniza ndi katemera. Akafika ku labotale amagawa mkodzo m'timabotolo ta mamililita 2, n'kutikuta kuti kuwala kusatifike, kenako kutiumitsa pa madigiri 20 pansi pa ziro. Satidzaza mpaka pakamwa chifukwa mkodzo ukauma umafufuma n'kukankha chivindikiro. Nambala amalemba ndi inki yosafufutika timabotolo tisanazizire, poti pa botolo la thukuta inki siigwira. Firiji ili ndi batire ya sola komanso buku lolembamo kuzizira kwake m'mawa ndi madzulo, kuti magetsi akazima zidziwike ngati zinasungunuka.

Kuyeza kwenikweni kumachitika ku labotale yaikulu yokhala ndi makina a HPLC, olekanitsa ndi kuyeza tinthu ta mu mkodzo, njira yomwe wasayansi Jongeneelen ndi anzake anaifalitsa mu 1987. Asanayeze amathiramo mankhwala otchedwa beta-glucuronidase kuti amasule 1-hydroxypyrene ku zomwe thupi linamumangirira.

Mkodzo wa mwana womwa madzi ambiri umakhala wosungunuka, choncho zotsatira amazigawa mwa masamu ndi kuchuluka kwa creatinine, chinthu chomwe thupi limataya mu mkodzo nthawi zonse. Kwa akuluakulu amakana mkodzo wa creatinine wochepera magalamu 0.3 kapena woposa magalamu 3 pa lita. Kwa ana malirewa sagwira bwino, chifukwa creatinine amachokera ku minofu. Mwana wonyentchera ali naye wochepa, ndiye ukagawa amaoneka ngati wapuma utsi wambiri kuposa mnzake wonenepa wa m'nyumba yomweyo. N'chifukwa chake amakweza mwana aliyense pa sikelo, kumuyeza msinkhu, n'kuyezanso kulemera kwa mkodzo ndi kachipangizo ka refractometer.

Tinafunsa chifukwa chovutikira chonchi m'malo mongogawa chitetezo mbaula. Anatikumbutsa za kafukufuku wa CAPS ku Chikwawa ndi Karonga, wa ana oposa 10,000, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2017: mbaula zotulutsa utsi wochepa sizinachepetse chibayo. Mbaula ikhoza kukhala pakhomo mwana akupumabe utsi wa kwina, ndipo kuyeza mkodzo mbaula isanabwere ndiponso itabwera kumaonetsa ngati zasintha m'thupi. Amayeza mwana mmodzi kangapo, m'nyengo yozizira ndi yotentha.

Makolo amauzidwa poyamba pomwe kuti nambala yotuluka si matenda ndipo ilibe mankhwala. Koma mkodzo ukaoneka ndi magazi, mwanayo amamutumiza kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe likodzo.